Za liwu la travel lija

Eya, mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Mphwanga, funso lako ndaliona masana koma ndinali ndisanapeze mpata. Ukuti aphunzitsi anakuthetha utalemba kuti "we had a nice travel to Mangochi", ndiye ukudabwa poti iwe umadziwa kuti travel ndi ulendo. Aphunzitsi sanalakwitse ayi, tamvera.

Ife ulendo timawerenga: ulendo umodzi, maulendo awiri. Travel sawerenga choncho. Kwambiri amakhala mneni, ngati "we travelled to Mangochi". Akakhala dzina amanena za kuyenda konse, osati ulendo umodzi wa tsiku lakutilakuti, ndiye ka "a" kaja patsogolo pake sikakhalapo. Ulendo wanu wa kunyanja uja, kupita, kukasambira, n'kubwerako, imeneyo ndi trip. Journey ndi kuyenda kwenikweniko, kuchoka pano mpaka kukafika uko, maola onse amene munakhala m'basi. Ukanalemba "a nice trip" akanakuchonga. Ngakhale moni wathu uja wakuti mwayenda bwanji, pa Chingerezi amati "how was your journey". Koma ukamva munthu akutsanzika mnzake kuti "safe travels", ndi s kumapeto, usati waphonya, amatero ndithu.

Tsono chomwe chimandisangalatsa ine n'choti liwuli si la anthu okha. Kuwala nako amati kumachita travel, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, pomwe phokoso limangoyenda mamita ngati 340. N'chifukwa chake nthawi ya mvula umayamba waona kung'anima, kugunda n'kumveka pambuyo. Nkhani ikafala msanga amati "news travels fast". Matimati okupsa kwambiri aja ukagula pa Lizulu n'kufika nawo ku Blantyre ataphwanyika, amati "they don't travel well". Ku basketball, ukayenda mpira uli m'manja osaunjanjitsa, woimbira amaliza wezulo, imeneyo ndi travelling. Amakaniko nawo amatchula travel ponena mtunda umene pedulo ya buleki imatsika ukaiponda. "Travel light" ndiye kunyamuka ndi kachikwama kamodzi basi.

Eee, ndisanaiwale, kalembedwe. Ku Britain amalemba l awiri, travelled, travelling, ndipo ndi momwe timalembera m'sukulu zathu. Ku America amalemba l mmodzi. Foni yako ikamakusinthira, usatengere zimenezo m'mayeso.

Liwuli linachokera ku Chifalansa chakale, travail, kutanthauza ntchito yowawa, yokhetsa thukuta. Ganizira kale anthu akuyenda wapansi kapena pakavalo masiku ambirimbiri, mvula ili pamsana, achifwamba ali m'njira. Agogo akamasimba za anthu amene ankapita ku Joni wapansi, kuwawa kwake n'komweko.

Ujambule chimangirizo chonsecho unditumizire madzulo ano, tione limodzi pena pomwe anakuthetha.