Akaunti ya Facebook ikamatumiza mauthenga omwe simunalembe

Mwafunsa chochita poti anzanu akulandira mauthenga opempha ndalama kuchokera pa Facebook yanu, chonsecho simunalembe ndinu. Akulu, yambani ndi imelo, Facebook ibwere pambuyo. Munthu akagwira imelo yanu amangodina pa Facebook poti waiwala password, uthenga wosinthira n'kufikira m'manja mwake. Ndiye sinthani ya imelo kaye, kenako ya Facebook, ndipo ziwirizi zisafanane. Password imodzi paliponse ndiyo imapweteketsa ambiri. Mu 2013 akuba analowa mu Yahoo, kampani ya imelo, n'kutenga zinsinsi za maakaunti 3 biliyoni, ndipo zobedwa chonchi amakaziyesa pa mawebusaiti ena mpaka pena patseguke.

Mukatero lowani mu Settings ya Facebook, pezani pamene pamaonetsa mafoni ndi makompyuta onse omwe alowa mu akaunti yanu. Chomwe simukuchidziwa, chitulutseni. Kenako yatsani two-factor authentication, njira yoti polowa muzilembanso manambala obwera pa foni yanu, kuti password payokha isamakwanire.

Manambala 6 obwera pa SMS aja musapatse munthu, ngakhale alembe ngati mnzanu wapamtima kuti "abwera kwa iwe molakwika, tanditumizira". Anzanuwonso auzeni lero lomwe asatumize ndalama.