Yankho: interferon ya munthu singachiritse nkhuku za chitopa

Achimwene, mwafunsa ngati interferon yopangidwira anthu ingathandize nkhuku zanu za ku Katete zikagwidwa ndi chitopa. Ayi, musataye ndalama.

Interferon ndi puloteni imene selo logwidwa ndi kachilombo limatulutsa pochenjeza anzake. Uthengawo umamveka pokhapokha interferon ikakwanira pa cholandirira chake pakhungu la selo, monga kiyi ndi loko. Makolo a mbalame ndi a nyama zoyamwitsa anasiyana zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo puloteni ndi cholandirira chake zakhala zikusinthira limodzi, mtundu uliwonse paokha. Tizilombo ndito tikufulumizitsa kusinthaku: tina, monga vaccinia, timapanga zolandirira zabodza zogwira interferon isanafike kumene ikupita. Jini ya interferon (malangizo a m'selo opangira puloteniyi) ikasintha n'kuzemba msampha umenewu, mwini wake amapulumuka n'kubereka. Majini amadzichulukitsanso, munthu ali ndi majini 13 a interferon-alpha, ndipo mapuloteni ake onse amalowa pa cholandirira chimodzi cha zigawo ziwiri, IFNAR1 ndi IFNAR2. Motero interferon ya munthu siyikwanira bwino pa cholandirira cha nkhuku, ngakhale kuti asayansi Isaacs ndi Lindenmann anatulukira interferon mu 1957 pogwiritsa ntchito mazira a nkhuku.

Chitopa chipeweni ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso, nkhuku zisanadwale, ndipo botolo lisakhale padzuwa.