Kababu kakuyaka, koma kodi moto ukulowa m'batire?

FUNSO: Zikomo amisiri. Ndili ndi batire ya 12V, 7Ah, ndi tchaja yolembedwa 13.8V, 1A. Ndinalumikiza kababu ka LED ndi resistor (kachipangizo kochepetsa moto wodutsa) pa mawaya awiri otuluka mu tchajamo kuti ndizidziwa ngati ikutchaja. Koma kamayaka ngakhale batire ndisanaimangirire, ndipo ndikazula tchaja pakhoma kamayakabe. Tsiku lina ndinaisiya usiku wonse kababu kali ngwee, m'mawa n'kupeza chopanira chimodzi chinali chitachoka, batire ili gwa osalowa kanthu. Ndingapange bwanji kachizindikiro konena zoona? Ndine wowerenga wanu wa masiku onse.

YANKHO: Achimwene, kababu kanuko sikakunama, kungoti mwakafunsa funso lina. Mmene mwakalumikiziramo, kakungokuuzani kuti pa mawayapo pali mavoti. Tchaja ikakhala pakhoma kamadya za tchaja, mukaizula kamadya za batire. Inu mukufuna kudziwa ngati moto ukuyenda, ndipo zimenezo zimadziwika pokhapokha mutatchera chinthu panjira pamene motowo ukudutsa.

Dulani waya wa pozitivu pakati pa tchaja ndi batire, pamene mwadulapo muikepo resistor yaing'ono. Moto ukamadutsa, mbali ya ku tchaja imakhala ndi mavoti ochulukirapo pang'ono kuposa mbali ya ku batire. Ukaima, mbali ziwirizo zimafanana. Kusiyana kumeneku kababu pakokha sikangakuone, chifukwa LED yofiira imafuna pafupifupi 1.8V kuti iyake. Koma transistor, kachipangizo ka miyendo itatu kogwira ntchito ngati switchi, imatseguka pa 0.6V pokha, ndiye ndi imene tiike ulonda.

Pezani transistor yotchedwa BC557, ya mtundu wa PNP. Mukaiyang'ana mbali yaphwatalala yolembedwayo, miyendo italoza pansi, wakumanzere ndi collector, wapakati ndi base, wakumanja ndi emitter. Emitter ipite mbali ya ku tchaja ya resistor ija. Base ipite mbali ya ku batire, koma idzere pa resistor ina ya 1k (ma ohm 1,000). Collector ilumikizane ndi mwendo wautali wa LED, mwendo waufupi udzere pa 1k inanso n'kukathera ku negativu. Kababu kazilandira pafupifupi 12mA, kuwala kokwanira ngakhale masana.

Tsono nkhani yagona pa kukula kwa resistor yapanjirayo, ndipo apa ndi pamene ine ndinapsa chala. Masamu ake ndi akuti mugawe 0.6 ndi ma ohm a resistor, mupeza moto umene kababu kayambire kuyaka. Nditayamba kumene ndinatola ya 1 ohm, kaja kakang'ono ka kota ya watt, poti ndi kamene kanali pafupi. Ampeya imodzi ikamadutsa pa 1 ohm imatulutsa kutentha kwa watt yathunthu, kanayi kuposa zimene kakanatha kupirira. Sipanatenge nthawi ndinamva kafungo, mizere ya mitundu ija itasanduka bii, ndipo poti ndikakhudze, chala chinatuluka thuza. Nditaikapo ya 5W kupsa kunatha, koma panabuka china: kababu kanayamba kuzima moto ukangotsika kufika pa 0.6A, batire ikadali ndi ludzu.

Chimene ndimachita tsopano ndi ichi. Ndimaika ya 4.7 ohm, ya 1W, kuti kababu kazizima moto ukatsika kufika cha m'ma 0.13A kapena kuposerapo pang'ono. Pamwamba pake ndimakwezapo diode ya 1N5408, kachipangizo kolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, miyendo yake kuwotcherera pa miyendo ya resistor, mzere woyera uja utaloza ku batire. Batire ikakhala ndi njala, moto wambiri umadzera mu diode, yomwe imapirira mpaka 3A, ndipo mavoti otayika panjira sapitirira 0.8V kapena 0.9V. Batire ikayandikira kukhuta, diode imangokhala, moto wotsalawo n'kumadzera mu resistor. Osaiwala diode imeneyi. Anthu ambiri amaisiya poganiza kuti ndi yokongoletsa.

Dziwaninso kuti kachipangizoka kali ndi msonkho wake. Mavoti amene kakudya panjira ndi omwe batire sikulandira, choncho kutchaja kuzichedwerako, makamaka chakumapeto. Ndipo kababu kakazima, kakungonena kuti moto wachepa, kaya chifukwa batire yadzadza kaya chopanira chachokanso. Mita yoyezera mavoti ndiyo ingakuuzeni chenicheni: batire yamtunduwu yodzadza, ikapuma maola angapo mutaichotsa pa tchaja, imaonetsa pafupifupi 12.7V.

Zonsezi muzichitira mbali ya 12V, bokosi la tchaja musalitsegule. Pafupi ndi pozitivu ya batire muikepo fyuzi ya 2A, chifukwa batire yaing'ono ngati yanuyi ikhoza kufiiritsa waya mukagunditsa mawaya. Muziyamba mwapana batire kenako n'kuyatsa pakhoma, poti batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen, umene suchedwa kuyaka ndi kamoto kothetheka.

Mukamaliza, kayeseni musanakakhulupirire. Yatsani tchaja yopanda batire, kababu kakhale kozima. Mangirirani batire yotha moto, kayake. Kenako chotsani chopanira chimodzi ngati mmene chinachokera usiku uja, kazime nthawi yomweyo. Kakapanda kuyaka konse, yambani mwaona miyendo ya transistor, nthawi zambiri collector ndi emitter zimakhala zasinthana.