Mafunso Anu: Kodi masiku asanu akwanira kuphunzitsa antchito athu Kotlin?

FUNSO: Ndimayang'anira achinyamata asanu ndi mmodzi olemba mapulogalamu a pafoni pa kampani yathu ku Limbe. Pulogalamu imene makasitomala athu amaitanitsira katundu inalembedwa mu Java zaka zingapo zapitazo, ndipo achinyamatawa akundiumiriza kuti tisamukire ku Kotlin. Katswiri wina wakunja akufuna timulipire madola kuti adzawaphunzitse kwa masiku asanu. Kodi masiku amenewa ndi okwanira? Nanga akadziwa ntchito n'kutsanzika, ndidzapindula chiyani? Bambo wa ku Limbe.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Achinyamata anuwo sakukusocheretsani. Kotlin ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene kampani ya JetBrains inachitulutsa chitakhwima mu 2016. Mu 2017 kampani ya Google inachivomereza kuti chizigwiritsidwa ntchito pa Android, ndipo mu 2019 inalengeza kuti ndicho chilankhulo chimene ikuchiika patsogolo pa mapulogalamu a mafoni amenewa. Choncho amene akhalabe pa Java yokha adzaona kuti zitsanzo ndi malangizo atsopano ambiri akubwera m'chilankhulo chimene gulu lake silikuchidziwa.

Koma masiku asanu okha sangakwanire, makamaka ngati mphunzitsiyo adzabwera ndi zitsanzo zakezake zimene amaphunzitsira kulikonse kumene wapita. Munthu wodziwa kale Java akhoza kugwira kalembedwe ka Kotlin m'masiku ochepa, chifukwa zilankhulo ziwirizi ndi zapachibale. Chimene chimatenga nthawi ndi kusiya zizolowezi zakale. Ndinayenderapo ofesi ina kufupi ndi Ginnery Corner kumene antchito anali atachita maphunziro otere kunyanja. Masatifiketi anali pakhoma, koma nditapempha kuti anditsegulire khodi yawo, kutanthauza mizere ya malangizo imene amalemba popanga pulogalamu, ndinapeza kuti pafupifupi mzere uliwonse unali ndi zizindikiro ziwiri za mfuwu, zija zimalembedwa motere: !!

Ndifotokoze chifukwa chake zimenezi zinandidandaulitsa. Vuto lofala kwambiri mu Java ndi loti pulogalamu imafuna chinthu chimene palibe, monga nambala ya foni ya kasitomala amene sanailembe, ndipo ikachisowa imangotsekeka m'manja mwa munthu. Kotlin inakonzedwa kuti itchinge vuto limeneli ntchito isanafike kwa kasitomala. Ngati chinthu chikhoza kusowa, wolemba amayenera kuikapo chizindikiro cha funso, ndipo kompyuta imakana kupitirira mpaka atanena zoti zichitike chinthucho chikasowadi. Zizindikiro ziwiri za mfuwu zija ndi njira youzira kompyuta kuti ileke kufunsa. Antchito aja anali ataphunzira mawu atsopano, koma chitetezo chenicheni chimene abwana awo analipirira anachichotsa ndi manja awo, chifukwa panalibe wowatsatira atabwerera ku ofesi.

Langizo langa ndi lakuti mphunzitsi aliyense amene mungamulembe ntchito, kaya wakunja kaya wa konkuno, ayambe waona pulogalamu yanu, ndipo aphunzitse pogwiritsa ntchito khodi imene antchito anu amalimbana nayo tsiku ndi tsiku. Mwayi wanu ndi wakuti Kotlin ndi Java zimakhalira limodzi m'pulogalamu imodzi popanda vuto, motero simukufunika kugwetsa nyumba yonse kuti mumange ina. Sankhani kachigawo kamodzi kakang'ono, mwachitsanzo tsamba limene kasitomala amalemberapo dzina ndi nambala ya foni, ndipo kakhale koyamba kusinthidwa. Mu Android Studio, pulogalamu yolembera mapulogalamu a Android, muli chida chosandutsira fayilo ya Java kukhala ya Kotlin, koma zimene chimatulutsa zimafunika munthu azikonze, ndipo kukonzako ndiye phunziro labwino kuposa onse.

Masiku asanuwo agaweni. Awiri oyamba akhale otsatizana, otsalawo abwere limodzilimodzi pakatha sabata ziwiri zilizonse, ndipo akhoza kuchitika kudzera pa intaneti. Pakati pa masiku amenewa pakhale lamulo loti palibe khodi yolowa m'pulogalamu isanawerengedwe ndi munthu wachiwiri, popeza mutu umodzi susenza denga. Nkhani ya coroutines, imene imathandiza kuti pulogalamu isaume pamene ikudikira yankho la pa intaneti, isungidwe mpaka kumapeto gulu litazolowera. Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa makasitomala ambiri ali ndi mafoni otsika mtengo ndipo netiweki imadukaduka.

Mphunzitsi asanafike, aliyense amalize Kotlin Koans, amene ndi mafunso oyeserera aulere okonzedwa ndi JetBrains. Si bwino kulipira madola pa zinthu zimene munthu akhoza kuphunzira yekha. Koma muwapatse nthawi yake m'kati mwa maola a ntchito, ku ofesi kumene kuli intaneti ndi jenereta, osati kuwayembekezera kuti akaphunzire usiku kunyumba ndi mabando ogula okha.

Za madola ndisachulukitse mawu, popeza mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Yambani mwafufuza konkuno. Ku MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndiponso ku MUST ku Thyolo, kuli aphunzitsi a zamakompyuta, ndipo bungwe la akatswiri a zamakompyuta la ICTAM likhoza kukulozerani akatswiri ena. Amene mwamupeza mumupemphe akuonetseni pulogalamu ya Kotlin imene analemba yekha ndipo anthu akuigwiritsa ntchito. Komanso ngati kampani yanu imapereka ndalama ya TEVET levy, ija ya 1 peresenti ya malipiro a antchito, kafunseni ku TEVETA za thandizo limene amapereka pa maphunziro a antchito a makampani.

Nkhawa yanu yomaliza ndi yomveka, ndipo sindikunamizani: ena adzachokadi, chifukwa wodziwa Kotlin akhoza kugwirira ntchito kampani ya ku Johannesburg kapena ku London ali m'nyumba mwake ku Chilomoni. Makampani ena amasainirana pangano ndi wantchito loti akachoka nthawi yogwirizana isanakwane abweze gawo la ndalama za maphunziro. Mukafuna kutero, loya alione panganolo, ndipo lifotokozedwe poyera maphunziro asanayambe. Komabe chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi kuphunzitsa onse asanu ndi mmodzi, osati awiri okha amene mukuwaona ngati akatswiri. Aliyense azilemba mwachidule zimene wasintha ndi chifukwa chake, ndipo Lachisanu lililonse mmodzi aziimirira kwa theka la ola kufotokozera anzake chimene waphunzira sabata imeneyo, kuti tsiku limene wina adzabweretse kalata yotsanzika, asanu otsalawo adzathe kupitiriza ntchito Lolemba m'mawa.