Funsani Dalaivala Wakale: Kodi Katundu Wolemera Amadzigwira Yekha?

FUNSO: Zikomo akulu. Ndangotha miyezi inayi chiyambire kuyendetsa thiraki yokoka thirela yopanda mbali ija, yomwe katundu amangokhala poyera. Sabata yatha anandipakirira mapuleti achitsulo olemera matani 20. Nditatulutsa matcheni, anzanga omwe anayamba kale ntchitoyi anandiseka, amvekere: "Chinthu cha matani 20 chisuntha bwanji? Ponyani malamba anayi tizipita." Ndinawamvera ndipo ndinafika bwino, koma ulendo wonse mtima unali m'mwamba. Kodi iwowa akunena zoona? — Dalaivala wachinyamata

YANKHO: Achimwene, mtima wanuwo ndi umene ukunena zoona. Munafika bwino chifukwa tsiku limenelo palibe amene anakudulirani kutsogolo, basi.

Mawu amene anakuuzaniwo nanenso ndinawamva, ndipo ndinawakhulupirira mpaka chaka changa chachiwiri pa thiraki. Tsikulo ndinanyamula mapaipi achitsulo. Usiku kunali kutagwa mvula, matabwa a thirela ali nyowe, mapaipiwo atapakidwa mafuta oteteza dzimbiri. Ndinadutsitsa matcheni atatu pamwamba, n'kukoka mpaka thukuta kamukamu. Pakati pa mapaipi ndi chotchinga cha kutsogolo ndinasiya mpata wa mita imodzi pofuna kuti kulemera kugwere bwino pa matayala a kumbuyo. Tili pa mtsetse, kagalimoto kakang'ono kanangotulukira m'kamsewu ka m'mbali. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Thiraki inaima, koma katundu sanaime. Ndinamva chitsulo chikulira kumbuyoku, kenako phuu! Nditatsika, miyendo ili zii, ndinapeza chotchinga chija chitapindika, paipi imodzi ya pakati itachiboola. Nsonga yake inatsala chikhatho chimodzi kuti ilowe m'kebini, pamalo penipeni pomwe mnyamata wondithandizira anatsamiritsa mutu ali m'tulo. Chimene sindichiiwala mpaka lero n'chakuti matcheni onse atatu anali chimangikire, palibe ngakhale imodzi inaduka. Mapaipi anangotsetsereka kunsi kwake.

Katundu wolemera amapondereza thirela kwambiri, zoonadi. Koma kulemera komweko ndi kumene kumamukankhira kutsogolo mukaponda mabuleki. Zonse ziwiri zimakula limodzi, n'chifukwa chake puleti ya matani 20 imayamba kutsetsereka pa mabuleki omwewo amene angasunthe puleti ya makilogalamu 200. Kusiyana kwake kumaoneka ikafika pomwe ikupita.

Malamulo a ku Ulaya otchedwa EN 12195, ngakhalenso a ku America, amagwirizana pa nambala izi: mamangidwe anu azipirira mphamvu yofanana ndi 0.8 ya kulemera kwa katundu akamakankhira kutsogolo, ndi 0.5 akamakankhira m'mbali kapena kumbuyo. Tiyeni tiwerengere mapuleti anu aja. Pa mabuleki a dzidzidzi ankakankha ngati matani 16. Chitsulo chikakhala pa thabwa louma, kugwirana kwa ziwirizi kumaletsa pafupifupi 0.3 ya kulemerako, kutanthauza matani 6. Otsala matani 10 anali pa malamba anu anayi aja.

Tsopano tengani lamba mmodzi muwerenge kansalu kamene kamasokedwa pafupi ndi chokokera chake. Anthu ambiri amaona pamene palembedwa LC 2500 daN (daN imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi) n'kuganiza kuti lamba aliyense agwira matani awiri ndi theka. Nambala imeneyo imagwira ntchito lamba akakoledwa pa katundu penipeni n'kumakoka molunjika. Mukangomudutsitsa pamwamba, yang'anani nambala ina ya STF, yomwe nthawi zambiri imakhala 300 mpaka 500. Imeneyo ndi mphamvu imene dzanja lanu limaika mu lamba. Tinene kuti ndi 400: mbali ziwiri zonse zikapondereza bwino, ndi makilogalamu ngati 800 opita pansi, ndipo pa kugwirana kwa 0.3 kuja, oletsa kutsetsereka ndi 240 okha. Kuti mukwanitse matani 10 aja mukanafunika malamba opitirira 40. Inu munali ndi anayi. Ndiponso mapuleti ndi afupi msinkhu, lamba amachita kugona m'malo moimirira. Akagona kutsika pa madigiri 30, kupondereza kwake kumakhala kwachabechabe.

Chimene ndinkachita ine kuyambira tsiku la mapaipi lija n'chosavuta. Ndisanapakire, ndinkasesa thirela yonse, chifukwa mchenga pansi pa chitsulo uli ngati timipira. Ndinkayala timphasa ta labala toletsa kutsetsereka. Timeneti timakweza kugwirana kuja kuchoka pa 0.3 kufika pa 0.6, ndiye pa katundu wanuyo matani 10 otsala aja akanatsika kufika pa 4. Katundu ndinkamugunditsa ku chotchinga cha kutsogolo. Zikakanika chifukwa cha kagawidwe ka kulemera, mpatawo ndinkautseka ndi mitanda yolimba ya matabwa, kapena kukulunga tcheni kutsogolo kwa katundu n'kuikokera kumbuyo mbali zonse ziwiri. Mpata ndiye mdani: katundu akapeza poyambira liwiro, chotchinga sichimuletsanso. Pa ngodya zakuthwa ikani zotetezera, ngakhale chidutswa cha tayala lakutha, poti puleti imadula lamba ngati lumo. Lamba wong'ambika m'mbali kapena womangidwa mfundo musamudalirenso.

Za mipukutu ya chitsulo ndidzalemba padera, koma mumve ichi pakadali pano: mpukutu umene bowo lake layang'ana m'mbali mwa thirela ukamasuka umagubuduka molunjika ku kebini. Umenewo umafuna pokhalira pake potchingidwa ndi mitanda, ndi matcheni odutsa m'bowomo, ena okokera kutsogolo ena kumbuyo.

Anzanuwo musakangane nawo. Akamaseka, inu zingomangani. Opakira akakufulumizitsani, auzeni mwaulemu kuti simunyamuka musanamalize, pajatu thiraki ikangotuluka pageti iwo amatsala, pampandopo mumakhala inu.

FUNSO: Ine ndimanyamula matabwa. Ndimakoka malamba mpaka kulimba gwa, koma ndikayenda pang'ono ndimapeza akhwepa. Ndikulakwitsa pati? — Wowerenga wina

YANKHO: Simukulakwitsa paliponse, bambo. Matabwa, matumba a simenti ngakhale mapaipi amakhazikika galimoto ikayamba kugwedezeka. Timipata timatsekeka, mulu umatsika pang'ono, lamba n'kukhwepa. Mankhwala ake ndi kuima. Lamulo la ku America limati muone katundu musanapitirire makilomita 80 oyambirira, kenako pakatha maola atatu alionse kapena makilomita 240, chimene chayamba kukwana. Ine pa matabwa aawisi ndinkaima ngakhale makilomita 20 asanakwane, ndiponso nthawi iliyonse ndikaponda mabuleki mwamphamvu kapena ndikadutsa msewu wa maenje. Ndinkazungulira thirela yonse, lamba aliyense ndikum'menya ndi chikhatho. Wolimba amalira ngati ng'oma, wokhwepa amangoti phwa.

Mulu ukakhala wautali, musamange pamwamba pokha. Dutsitsani malamba ena pakati pa mulu mukamapakira. Lamba mum'potoze kamodzi m'mbalimu, pakati pa katundu ndi ngowe, kuti asamakupizidwe ndi mphepo, chifukwa kukupiza kuja kumamudya pang'onopang'ono.

Pomanganso matcheni pamsewu, samalani ndi chokokera cha mkono chija chimene ena amachiwonjezera paipi kuti achikanikize. Ndinaona mnzanga wina paipi itamupulumuka n'kumumenya chibwano, mano anayi pansi, ndipo anatha miyezi asakutha kutafuna. Ngati mungathe, pezani chokokera chopukusa cha ratchet. Mukagwiritsa cha mkonocho, nkhope ikhale kumbali, ndipo mukatseka, mkonowo muumangirire ndi waya kapena ndi tcheni yotsala kuti usadzitsekukire panjira. Pomasula katundu kofikira, yambani mwayang'ana ngati mulu wapendekera mbali ina, ndipo muime kumapeto kwa thirela, osati kunsi kwa mulu.