Mafunso 20 aja si chigamulo

Mayi wina wandilembera pa imelo, ndipo ndafupikitsa kalata yake: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 18. Kusikelo anandipatsa pepala la mafunso 20, namwino atawerengetsa anati tidzabwerenso kuti adzandifunse zambiri. Anandifunsanso ngati ineyo ndimalira kapena kusowa tulo. Apongozi akuti khanda silingakhale ndi vuto la maganizo, ndingomusiya adzayankhula yekha. Kodi mwana wanga amupeza ndi matenda? Nanga za ine amafunsiranji?"

Mayi, mtima m'malo kaye. Momwe mwafotokozeramu, pepalalo likufanana ndi lotchedwa M-CHAT-R, lomwe amafunsa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30 pofufuza zizindikiro zoyamba za autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limapangitsa mwana kuvutika kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu. Ntchito ya pepalali ndi ya sefa, kupatula ana ofunika kuwaonanso mofatsa. Silitchula matenda. Mapointi akakhala 0 mpaka 2 amati palibe chodetsa nkhawa. Akakhala 3 mpaka 7 namwino amabwerezanso nanu mafunso aja, koma tsopano akupempha zitsanzo, ndipo ana ambiri a gulu limeneli nkhani yawo imathera pomwepo. Kuyambira 8 kupita m'mwamba amatumiza mwana kwa katswiri. Ndiye kuitanidwanso kwanuko n'kutheka kuti ndi gawo lachiwiri chabe la sefa yomweyo.

Pa mafunso onsewo, limene ine ndimalikonda ndi la kuloza. Kuloza kulipo kuwiri. Mwana amaloza kapu chifukwa akufuna madzi, basi. Koma tsiku lina mbalame yatera pawindo, iye akuiloza, akutembenuka kuyang'ana nkhope yanu, kenako akubwereranso kwa mbalame ija, kukhala ngati akuti "mwaiona nanunso?" Sakupempha kanthu, akungofuna muonere limodzi. Kuloza kwachiwiriku ana ambiri amakhala atakuyamba pofika miyezi 18, ndipo kukasowa kumatiuza zambiri kuposa kuchedwa kwa mawu.

Apongozi anu sanalakwitse zonse. Palibe amene akunena kuti khanda limadandaula za moyo ngati munthu wamkulu, ndipo alipodi ana ochedwa kuyankhula omwe amadzakhala olongolola osati masewera. Koma khanda limamva. M'zaka za m'ma 1970, Edward Tronick wa ku America ankapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenako aumitse nkhope kwa mphindi zochepa, osaseka, osayankha. Khanda limayesa zonse: kumwetulira, kutambasula manja, kukuwa. Zikakanika limayang'ana kumbali, n'kuyamba kulira kapena kungofooka. Mayi akabwezeretsa nkhope yake, pang'onopang'ono zimakhalanso bwino. Taganizani tsono nkhope youmayo itakhala ya miyezi. Dokotala wa ku France, Antoine Guedeney, anakonza muyeso wotchedwa ADBB woonera makanda a miyezi 2 mpaka 24 amene ayamba kudzipatula chonchi, osayang'ana m'maso, osalabadira anthu.

N'chifukwa chake anafunsa za inu. Mayi amene mtima wake walemedwa atabereka amavutika kuyankha khanda lake ngakhale akulikonda kwambiri. Alipo mafunso 10 odziwika, a Edinburgh Postnatal Depression Scale, omwe anatuluka mu 1987, opezera amayi otere kuti athandizidwe. Sikuti akukuimbani mlandu ayi. Ngati mumaliradi, muuzeni namwinoyo. Vutoli lili ndi chithandizo.

Pomwe ndikusiyana ndi apongozi m'pa mawu oti "ingomusiyani". Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kuyeza kakulidwe ka mwana aliyense pa miyezi 9, 18 ndi 30, komanso za autism pa miyezi 18 ndi 24, chifukwa ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira msanga ndipo thandizo loyambirira limagwira bwino. Mukabwererako n'kupezeka kuti ali bwinobwino, mwangotaya m'mawa umodzi. Mukadikira kuti afike zaka zinayi, nthawi imeneyo simudzaibweza.

Pokayankhanso, nenani zimene mwana amachita kawirikawiri, osati zomwe anachitapo kamodzi alendo atabwera. Tonsefe timafuna kuikira kumbuyo ana athu, koma apa kukometsa mayankho n'kumumana thandizo. Mujambuleni pafoni akusewera, komanso pamene mukumuitana dzina ali chofulatira, mukamuonetse namwino. Pemphani kuti amuyeze makutu, pakuti mwana wosamva bwino amachedwa kuyankhula ndipo amaoneka ngati sakulabadira. Ngati anabadwa masiku asanakwane nenaninso, chifukwa mpaka zaka ziwiri amachotsera masabata amene anafulumirawo powerengera msinkhu wake.

Chinthu chimodzi chokha musachidikirire tsiku lomwe anakupatsani: ngati pali mawu amene ankatchula, kapena ankakweza dzanja potsanzika, koma tsopano wasiya, pitani naye sabata yomwe ino.