Mpiru wa pazenera: yankho kwa mayi a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena okhala ku Leeds. Anabwera kuno ku England chaka chatha, kwawo ndi ku Dedza ndipo kumeneko anali ndi dimba. Mu Novembala anafesa mpiru ndi bonongwe m'mabokosi pazenera la kukhitchini. Zinamera bwino, koma mbande zangotalika ngati ulusi, zatumbuluka, kenako zagwa. Funso lawo ndi ili: "M'nyumba ndi mofunda, ndimathirira tsiku lililonse, feteleza ndinathira. Kwathu mpiru umakonda nyengo yozizira. Nanga kuno chalakwika n'chiyani?"

Mayi, musadzikayikire, ulimi simunaiwale. Chimene chakupusitsani ndi mawu akuti nyengo yozizira, chifukwa ya kuno ndi ya kwathu zangofanana dzina.

Kwanu ku Dedza mwezi wa Juni kumazizira mpaka zala kukanika kugwira khasu m'mawa, koma dzuwa limakhalapo maola opitirira 11, ndipo masana limakwera ndithu. N'chifukwa chake madimba amabiriwira nthawi imeneyo. Ku Leeds pa 21 Disembala, kuchokera pamene dzuwa latuluka mpaka kulowa sipakwana maola 7 ndi theka. Ngakhale pa 12 koloko limangoyenda cha m'munsi, kukhudza madenga a nyumba, ngati la kwathu la m'ma 7 koloko m'mawa. Apo ndiye kuti laoneka, poti masiku ambiri ndi mitambo yokhayokha. Kakuwala kotsalako kadutsenso pagalasi. Ndiwo zambiri zamasamba zimaima kukula tsiku likafupika kuchepera maola 10, ndipo kumpoto kwa England kuno zimenezi zimayamba kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale. Inu munafesa m'kati mwenimweni mwa mdimawo.

Kufunda kwa m'nyumba kumene mukukudalirako ndiye kunaonjezera vuto. Mbande ikamva kutentha imafulumira kukula, koma chakudya chake imapanga ndi kuwala. Kuwala kukasowa imangodzikoka kutalika kufunafuna dzuwa, tsinde n'kuwonda, mapeto ake kugwa. Feteleza sangathandize apa. Kuli ngati kuunjikira nkhuni pamafuwa opanda moto.

Ndiye choyamba ndi zenera. Kuno dzuwa limadutsa cha kumwera, choncho zenera loyang'ana kumwera ndilo labwino. Loyang'ana kumpoto musavutike nalo m'miyezi ino. Usiku musasiye mabokosi pakati pa katani ndi galasi, pamenepo pamazizira kwambiri. Ndipo ngati pansi pa zeneralo pali radiyeta, monga zimakhalira m'nyumba zambiri kuno, mpweya wake umawauma masamba.

Koma ndinene mosabisa: ngati mukufuna masamba ooneka pakati pa Novembala ndi Febuluwale, gulani nyale ya LED. Sipafunika zija zofiirira zodula. Yoyera yowala bwino imakwanira. Ikhale pafupi, masentimita 15 mpaka 30 pamwamba pa masamba, ndipo muziikweza mbewu zikamakula. Iziyaka maola 14 patsiku, kenako izizima, poti nazo mbewu zimafuna mdima. Kataimala ka pa soketi kamagwira ntchito imeneyi inu muli ku shifiti. Za bilu ndikudziwa mwayamba kale kuziganiza. Nyale ya mawati 20 yoyaka maola 14 imadya mayuniti osafika 9 pamwezi. Onani mtengo wa yuniti papepala lanu la magetsi, muwerengere nokha.

Pansi pa nyale yotereyi mpiru umachita bwino, chayinizi ndi repu chimodzimodzi. Kungoti musayembekezere masamba otambalala ngati a pamsika wa Lizulu. Fesani mothinana pang'ono, pakatha milungu inayi kapena isanu dulani ndi sizasi masamba akafika kutalika kwa chala, kusiya kamtima ka pakati. Amaphukanso kawiri kapena katatu. Mukamafesa bokosi latsopano milungu iwiri iliyonse simusowa chodula.

Bonongwe musiyeni kaye. Ameneyu ndi mwana wa dzuwa ndi kutentha, ndipo masiku akafupika amathamangira kuchita maluwa akadali kamwana. Sungani mbewu yanu mpaka Meyi. Ikakutherani, m'masitolo a mbewu kuno funsani amaranth kapena callaloo, dzina limene anzathu a ku Caribbean amamutchula. Nkhwani ndi tomato nazonso zidikire; dzungu m'nyumba ya lendi lingakulandeni pabalaza musanadye ndi tsamba limodzi lomwe.

Chimene ine ndimakonda kwambiri m'nyengo ino, ndipo sichifuna nyale n'komwe, ndi nsonga za nsawawa. Gulani nsawawa zouma zophika zija za m'paketi, zathunthu osati zoswa. Zinyikeni usiku umodzi, zimwazeni mothinana pa dothi lokuya masentimita 5, kwirirani pang'ono. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mudula nsonga zanthete. Zimatheka chifukwa njere ya nsawawa ndi yaikulu, imanyamula kamba wake, ndiye siidalira kwambiri dzuwa masiku oyambawo. Kwathu sitinazolowere kudya zimenezi, koma mukaziponya mu mphika ndi tomato ndi anyezi, n'kutendera ndi kachiponde, mlamu wanu adzafunsa kuti ndiwo zimenezi mwazitenga kuti.

Kholowa nayenso mutha kumuyesa, makamaka chifukwa cha mtima. Ikani mbatata m'botolo la madzi, theka lili kunja, pamalo ofunda. Imatenga milungu ingapo, ina imakana kumene, koma ikaphuka imatulutsa mphukira zimene mungazibzale mu mphika. Masamba ake m'nyengo yozizira ya kuno ndi owerengeka. Ine ndimangosangalala kuiona ikuyanga pazenera kunja kuli chisanu.

Za timasamba tokometsera chakudya nkhani yake ndi yaifupi. Timbewu ta minti ndi parsley zimapirira kuwala kochepa. Anyezi wamasamba mukadula siyani kumizu, muike m'kapu ya madzi, aphukanso. Basil ndi wamanyazi, akangomva kuzizira masamba amada. Ndipo tizomera ta basil togula ku supamaketi timafa msanga chifukwa m'kamphika kamodzi amathinitsamo mbande zambirimbiri. Gawani patatu kapena panayi, chilichonse mphika wake.

Tsopano kuthirira kwa tsiku lililonse kuja. Kudimba zinali zoona, poti dzuwa ndi mphepo zimamwa madzi. M'nyumba muno mbewu yosakula siimwa, madzi amangokhala, mizu n'kuola. Ine chaka changa choyamba ndinachita chimodzimodzi, ndipo malipiro anga anali tintchentche takuda tambirimbiri touluka pakhitchini, mpaka ana anayamba kuvindikira makapu a tiyi. Timaswana m'dothi lonyowa nthawi zonse. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yoyamba. Ngati muli chinyontho, kheni ibwerere. Bokosi lililonse likhale ndi mabowo pansi ndi kambale kolandira madzi. Dothi gulani kompositi ya m'thumba, osakumba kuseri kwa nyumba, chifukwa limenelo limagwirana ngati dongo mu mphika ndipo limabwera ndi tizilombo. Muzipukutanso thukuta la pagalasi m'mawa, kuopa chuku pakhoma ndi kukangana ndi eni nyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene sindifuna mudzandidandaule nacho. Mukudziwa mmene mpiru umafotera pamoto: beseni lodzaza limasanduka kambale. Mabokosi awiri pansi pa nyale adzakupatsani ndiwo za anthu awiri mwina kamodzi pa sabata, osati za banja lonse tsiku ndi tsiku. Ndiwo zenizeni kuno zimalimidwa panja kuyambira kumapeto kwa Meyi, chisanu chikatha, pamene dzuwa limafika maola 16 ndi kupitirira, mbewu n'kumakula ngati zapenga. Lembetsani lero ku khonsolo yanu kuti mupeze kamunda ka lendi kamene amati allotment, poti mzere wake umakhala wautali. Zokolola za Julayi ndi Ogasiti muzifutsa pang'ono m'madzi owira, n'kuziika mufiriza m'timapaketi. Umenewo ndiwo mfutso wa kuno.

Mbande zagwazo sizidzukanso. Za mpiru zidulireni m'mazira mawa m'mawa, zimadyedwa. Mabokosiwo muwasiye aume masiku angapo, limodzi mufesemo nsawawa sabata ino, linalo lidikire nyale.